Unyolo wa pa mtengo wa nimu

Usiku umene madzi analowa m'mudzi mwa azakhali anga kutsidya kwa Shire, mu Januwale 2015, msuweni wanga anali pa unyolo. Unali unyolo wokokera ngolo. Mbali ina anauzenga pa tsinde la nimu kuseri kwa nyumba, mbali ina pa kakolo wake, nkutseka ndi loko. Kiyi anali m'thumba la bambo ake aang'ono, omwe anawolokera ku Bangula m'mawa wa tsikulo nkulephera kubwerako chifukwa cha mvula. Anthu akuthawira kumtunda, uyu atabereka mwana uyu akukoka mbuzi, azakhali anatsala okha mumdima, madzi ali m'mawondo, akumenya loko uja ndi nkhwangwa. Loko atathyoka, mnyamata amene mudzi wonse unkati sazindikira kanthu anawerama nkuti, "Amayi, kwerani kumsana, madzi awa simungayende nawo." Anawabereka mpaka pasukulu pomwe anthu anasonkhana.

Ndikakamba nkhaniyi omvera amagawikana. Ena amadzudzula azakhali, amati munthu wobereka angamangirire bwanji mwana wake pamtengo ngati ng'ombe. Ena amati panalibe kuchitira mwina, wamisala amamangidwa basi, chiyambire kale ndi momwemo. Onsewa sindigwirizana nawo. Azakhali anam'manga atagulitsa kale mbuzi zonse, atayenda naye kulikonse komwe anauzidwa kuti kuli thandizo, atatha miyezi akugona khutu lili kuchitseko. Komanso sizoona kuti munthu wodwala chotere malo ake ndi pamtengo. Msuweni wangayo anali atachirapo kale, tonse tikuona. Unyolo unafika pa mwendo wake chifukwa mankhwala analeka kufika pakhomo pake, ndiponso chifukwa ife abale ndi anansi tinawasiyira azakhali katundu yense. Mlandu wa unyolowu ndi wathu, ife a m'chigwa muno, pamodzi ndi amene amagawa chuma cha zaumoyo.

Matenda anamuyamba ali ndi zaka 21, atangolemba mayeso a Fomu 4. Poyamba anangosiya kucheza ndi anzake. Kenaka tulo tinamuthawa, anayamba kukana nsima ya amayi ake kuti muli poizoni, nkumayankhana ndi anthu omwe ife sitinkawaona. Mudzi sunachedwe kupeza chifukwa. Ena anati ndi chamba. Ena anati anawerenga mopitirira. Ena anati amafuna kukhwima ndiye anaphonya chizimba. Koma mawu omwe anakula kuposa onse anali akuti walodzedwa, ndipo chala chinaloza gogo wina wamasiye wa banja lomwelo. Gogoyo anamwalira asakulankhulana ndi abale ake. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma kumudzi lamulolo silinamuteteze.

Zinatengera chaka ndi miyezi kuti afike pamaso pa munthu wa chipatala. M'kati mwa nthawiyo anapita kwa asing'anga awiri kuno, wina wachitatu ku Mozambique, kenaka kumapemphero komwe anamusalitsa kudya masiku angapo. Sindikunyoza chikhulupiriro cha munthu. Ndinakulira pakati pa anthu omwe mvula ikavuta amayang'ana ku Khulubvi, kukachisi wa Mbona, ndipo Lamulungu ndimakhala m'tchalitchi ngati wina aliyense. Chimene ndikukana ndi mndandanda womwe tinauzolowera, woti chipatala chimabwera pomalizira, khola litatha, munthu atawonda, banja litagawikana. Munthu akathyoka mwendo timapemphera tili pa njinga ya kabaza kulowera kuchipatala. Mutu ukasokonezeka timayamba tazungulira dziko lonse. Kuchedwa kumeneku kumapweteka pawiri. Matenda a misala akakhalitsa osathandizidwa, kuchira kwake kumavutirapo. Ndiponso m'chigwa cha udzudzu ngati chino, munthu wobwebweta mwadzidzidzi, thupi likutentha, akhoza kukhala ndi malungo okwera kumutu kapena matenda oumitsa khosi, ndipo amenewa sadikira mlungu wa kwa sing'anga. Amapha m'masiku ochepa.

Potsiriza anam'tengera kuchipatala cha boma, ndipo kumeneko anam'tumiza ku Zomba Mental Hospital. Amene sanayendepo ulendowu aganizire bwino. Kuchokera kutsidya uyambe wakwera bwato kufika ku Bangula, upite ku boma ku Nsanje, kenaka ubwerere njira yomweyo kudutsa Ngabu ndi Nchalo, uwoloke pa mlatho wa Kamuzu, ukwere phiri lokhotakhota lija kufika ku Blantyre, upitirire ku Zomba. Ndi makilomita oposa 200, uli ndi munthu wamantha amene akukhulupirira ndi mtima wonse kuti mukukamupha. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa m'dziko lonse lino ndi chimodzi chomwecho. Ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kuli zipatala za St John of God, ku Queens ku Blantyre kuli kiliniki, koma kwa munthu wa ku Makhanga kapena ku Marka konseko ndi kutali.

Anakhalako miyezi iwiri. Atabwera, ambiri sanakhulupirire. Ananenepa, ankapereka moni, anatenga khasu nkulowa m'dimba. Madokotala anati matenda ake ndi schizophrenia. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti matendawa amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse, ndipo kawirikawiri amayamba munthu ali mnyamata kapena mtsikana wongokula kumene, monga zinachitikira kwa iye. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 860,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Tikawerengetsa pa mlingo wa WHO uja, tikukamba za anthu oyandikira 3,000 m'chigwa muno, pa nthenda imodzi yokhayi. Tisanawerenge odwala bipolar, omwe nthawi ina amasangalala mopyola muyeso osagona nthawi ina nkugwa m'chisoni chozama, kapena amayi omwe mutu umasokonezeka masiku ochepa atangochira. Amene timawaona akutola zinyalala pamsika wa Nchalo kapena pa Dyeratu ndi ochepa chabe. Ambiri ali m'nyumba zathu, kuseri, komwe mlendo salowa.

Ndiye chinam'bwezera pamtengo n'chiyani? Zinthu ziwiri, ndipo chimodzi ndili nacho mlandu ineyo.

Anabwera ndi mapiritsi a chlorpromazine. Patapita milungu ingapo anandiuza kuti, "Asuweni, mankhwalawa akundiumitsa khosi. Lilime likulemera, manja akunjenjemera, ndikakhala padzuwa khungu likuwotcha." Ine ndinamuyankha kuti asiye kudandaula, amwe basi. Mumtima ndinkati ndi matenda omwewo akumulankhulitsa. Chonsecho ankanena zoona zokhazokha. Mankhwala akalewa amachitadi zimenezo kwa anthu ena: amaumitsa thupi, amatulutsa dovu, amachititsa chizungulire, ndipo chlorpromazine amapangitsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Ganizirani munthu wotero akulima mu Okutobala kuno, kutentha kutapitirira madigiri 40. Zonsezi zili ndi pothawira. Dokotala atha kuchepetsa mlingo, kusintha mankhwala, kapena kuwonjezera kapiritsi kena ngati benzhexol kothetsa kuuma kuja. Zikanangofunika kuti wina amumvere nkumuperekeza. Palibe anamumvera, choncho anayamba kutaya mapiritsi m'chimbudzi mwakachetechete.

Makolo anati wamisala anaona nkhondo. Mwambiwu timaukonda, timaunena pamisonkhano, koma m'nyumba mwathu sitiutsatira. Munthu akangopatsidwa dzina la wamisala, chilichonse chotuluka m'kamwa mwake chimasanduka chizindikiro cha matenda. Akati ndili ndi njala, akuti wayambanso. Akati wina wandimenya, akuti akulota. Akati mankhwala akundipweteka, akuti akukana chithandizo.

Chachiwiri chinali kusowa kwa mankhwala. Atazindikira kuti sakumwa mapiritsi, a chipatala anamuika pa jakisoni wa pamwezi, ndipo zinayenda bwino kwa kanthawi. Kenaka mwezi wina azakhali analipira kabaza, nkupeza kuti jakisoniyo watha. Mwezi wotsatira anauzidwa kuti namwino wa matendawa sanabwere, galimoto ilibe mafuta. Mwezi wachitatu ndalama ya ulendo inasowa, chifukwa chinali chaka cha njala, anthu akudya nyika za m'dambo. Mwezi wachinayi mawu a anthu osaoneka aja anabwerera m'makutu mwake. Anathyola chitseko usiku, anavulaza dzanja la bambo ake aang'ono omwe ankamugwira, anasowa masiku atatu nkukapezeka m'bango m'mphepete mwa mtsinje, momwe muli ng'ona. Unyolo unabwera pamenepo.

Apa ndiyenera kuyankha amene amati anthu amenewa ndi oopsa. Sindibisa, munthu matenda akamukwera akhoza kuvulaza wina, makamaka pamene ali ndi mantha ndipo anthu amuzinga ndi zingwe ndi mipini. Mayi wokalamba yemwe ali yekha ndi mwana wamwamuna wamphamvu zake ali ndi chifukwa chomveka choopera. Koma kugwira munthu maola ochepa kuti mufike naye kuchipatala ndi nkhani ina, kumusiya pamtengo miyezi isanu ndi ina. Pamtengo palibe chimene chimachira. Kakolo amatupa nkuchita zilonda, miyendo imafooka, udzudzu umamudya usiku wonse, amadzithandiza pomwe akudyera, ana amabwera kudzamuonerera. Ndipo tikawerenga moona mtima za m'midzi ndi m'misika mwathu, amene amavulazidwa kawirikawiri ndi odwalawo. Amagendedwa, amathiridwa madzi, amamenyedwa powaganizira kuba chifukwa apezeka pakhomo pa eni usiku ndipo akulephera kufotokoza komwe akuchokera. Mu 2017, mphekesera ya anamapopa itafalikira m'maboma a kummwera, anthu anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo amene anali pachiopsezo chachikulu anali oyenda okha, osadziwika, osatha kudziyankhira bwino. Wodwala misala wosochera amakwanira ndendende m'chithunzi chimenecho.

Za amayi ndiye zimandiwawa koposa. Pafupifupi pa msika uliwonse waukulu mumapezeka mayi wodwala yemwe amagona pakhonde la sitolo. Tsiku lina mumangoona ali ndi pakati. Anthu amaseka, amafunsana kuti kodi mwamuna wake ndani, nkhani nkuthera pomwepo. Mwamuna amene anachita zimenezo ndi munthu wamutu wake wabwinobwino, mwina wina wa omwe akusekawo, mwina wouzidwa kuti chimenecho ndiye chizimba cha bizinesi. Kumeneko ndi kugwiririra, ndipo malamulo a dziko lino amati ndi mlandu. Koma ndani amapita kupolisi m'malo mwa mayi yemwe dzina lake palibe akulidziwa? Mwana akabadwa amalandidwa, mayi nkubwerera pakhonde lomwe lija.

Masiku ano kwawonjezekera foni. Munthu akavula zovala pamsewu, m'malo momufunditsa chitenje, achinyamata amatulutsa mafoni. Madzulo kanemayo ali pa Facebook ndi pa WhatsApp, anthu akuikapo tinkhope toseka. Munthu uja adzachira, chifukwa ambiri amachira akalandira thandizo, koma kanemayo adzakhalapobe. Adzamuona ana ake. Adzamuona amene akufuna kumulemba ntchito.

Khalidwe loona wodwala misala ngati wolakwa lili ndi mbiri yake. Malo oyamba osungirako odwalawa m'dziko muno anatsegulidwa mu 1910 ngati mbali ya ndende ya Zomba, oyang'anira ake ali asilikali a ndende. Chipatala chenicheni chinadzatsegulidwa mu 1953. Lamulo la atsamunda la 1948 loyendetsera za odwala misala linakhala likugwira ntchito zaka zoposa 70, ufulu wodzilamulira utabwera, matipate atabwera. Ndiye n'zosadabwitsa kuti mpaka lero mawu akuti "tikutumiza ku Zomba" amamveka ngati chilango, ndipo timaopsezera nawo ana. Komabe malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 19, amati ulemu wa munthu aliyense ndi wosaphwanyika ndipo palibe woyenera kuzunzidwa kapena kunyazitsidwa. Sanapatule wodwala mutu. Dziko lathu linavomerezanso mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Mawu alipo okwanira. Chosowa ndi botolo la mankhwala pa shelefu ya chipatala chaching'ono, tsiku lomwe linalembedwa m'kabuku.

Wina anena kuti chigwa chino chili ndi mavuto ambiri kale: njala, kolera, malungo, kusefukira kwa madzi chaka ndi chaka. Ndalama za amisala zichokera kuti? Funsoli ndimalimva, ndipo yankho langa ndi ili. Mankhwala omwe tikukambawa ndi akale, chlorpromazine ndi haloperidol anatulukira m'zaka za m'ma 1950, ndipo ali m'gulu la mankhwala otsika mtengo. Chodula ndi ulendo, ndi kubwereranso kwa matenda. Munthu mmodzi akadumphitsa jakisoni miyezi itatu, boma lidzalipira mafuta a ambulansi kupita ku Zomba, bedi la miyezi iwiri ndi chakudya. Banja lidzataya nyengo yonse ya ulimi, chifukwa womulondera sapita kudimba. Mtsikana wa m'nyumbamo adzasiya sukulu kuti azithandiza amayi. Ndalama timaziwononga kale, kungoti timaziwonongera kumapeto, zinthu zitaipa.

Ndiponso njira timaidziwa, chifukwa tinaiyendapo ndi Edzi. Ndikukumbuka nthawi yomwe munthu wa kachilombo ankabisidwa kuchipinda, anthu akunong'onezana, mbale yake ikusiyanitsidwa. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, mankhwala anatsika pang'onopang'ono kuchoka m'zipatala zazikulu kufika m'zipatala za kumidzi. Wodumphitsa tsiku amalondoledwa mpaka pakhomo. Anthu anapanga magulu, mmodzi nkumakatengera anzake. Okhazikika amapatsidwa a miyezi ingapo nthawi imodzi. Kusalana sikunathe chifukwa cha zikwangwani za mumsewu. Kunachepa pamene anthu anaona ndi maso awo mnansi yemwe ankamukonzera maliro akupalasa njinga kupita ku Ngabu kukagulitsa thonje. Misala nayo n'chimodzimodzi. Mudzi wa azakhali unasintha kalankhulidwe m'miyezi ija msuweni wanga ankalima, ndipo unabwerera ku zakale mankhwala atasowa. Bwanji mlangizi wa zaumoyo, yemwe amadziwa mwana aliyense wosabayitsa katemera m'dera lake, asakhalenso ndi maina a odwala misala ndi masiku awo a jakisoni? Bwanji makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje asateteze mafuta a ulendo wa namwino wa matendawa, kuti asakhale oyamba kudulidwa ndalama zikachepa?

Pali china chomwe ndi chathuchathu cha m'chigwa muno, chomwe a kumtunda sangatiganizire. Ife timakhala ndi madzi. Tinaona 2015, pamene anthu oposa 200,000 anasowa pokhala m'dziko muno. Tinaona anamondwe: Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Makomiti a m'midzi oona za ngozi amadziwa nyumba yomwe muli nkhalamba, mayi woyembekezera kapena wolumala miyendo, ndipo pochenjeza amayambira kumeneko. Munthu womangidwa kuseri kwa nyumba, kapena wotsekeredwa m'kachipinda, sapezeka pa mndandanda uliwonse, chifukwa banja limachita manyazi kumutchula ndipo komiti imachita manyazi kufunsa. Akapulumuka nkufika kumsasa, mavuto ena amayamba. Kabuku ka kuchipatala kapita ndi madzi, mankhwala anyowa, msewu waduka. M'tenti mwadzaza anthu, phokoso usiku wonse, iye tulo osapeza, ndipo kusagona ndiko kumadzutsa matendawa msanga. Anthu amayamba kudandaula kuti achotsedwe. Pa mzere wa ufa sangathe kuima maola anayi, ndiye dzina lake limadumphidwa. Magalimoto obweretsa thandizo amanyamula ufa, nyemba, ndowa, maneti ndi klorini. Mankhwala a misala ndi a khunyu ayenera kukwera galimoto yomweyo, chifukwa kwa wodwalayo ndi ofunika ngati ufawo.

Mafumu athu, kuyambira nyakwawa mpaka a T/A, ali ndi mphamvu yomwe nduna ilibe. Anakhazikitsa malamulo a m'midzi oti mayi asachirire pakhomo ndi oti mwana asakwatiwe, ndipo anthu anamva. Mfumu ikhoza kunena pabwalo kuti m'mudzi muno munthu akadwala mutu, mlungu usathe asanaonedwe ndi achipatala, ndipo anyamata a mudzi aperekeze monga amachitira pa maliro. Ikhoza kunena kuti wogenda kapena kujambula wodwala alipe. Sindikupempha kuti mafumu azilipiritsa mabanja omwe amanga odwala awo. Zimenezo zingangochititsa kuti unyolo uchoke pamtengo nkulowa m'nyumba, komwe sitidzauonanso. Banja lomwe lafika pomanga munthu likufunika anthu olithandiza kulondera, kulima ndi kupeza ya kabaza.

Kwa abusa, mashehe ndi asing'anga pempho langa ndi limodzi. Pemphererani, tonthozani, koma musauze munthu kuti asiye mankhwala posonyeza chikhulupiriro. Ndaona anthu okhazikika bwino akubwerera kumsewu chifukwa cha mawu amenewo. Alipo atsogoleri a mipingo ndi asing'anga omwe amati, "Izi n'za kuchipatala, pitani, ife tizikupemphererani." Amenewo apulumutsa anthu ambiri. Ndipo mipingo yathu, yomwe amayi ake amayendera odwala ndi ufa ndi nkhuni, idzifunse kuti inalowa liti pakhomo pomwe wodwala wake ndi wamisala. Azakhali anandiuza kuti, "Mwana wanga, bambo ako atadwala chifuwa anthu ankadzaza pakhonde pano. Uyu atadwala, ngakhale wopempha moto analeka kubwera."

Chovuta kwambiri chimabwera munthu atachira. Wodwala malungo akachira timati wachira. Wodwala misala akachira timati lero ali bwinoko. Dzina lake lenileni silibwerera, amakhala "wamisala uja" mpaka kumanda. Msuweni wanga akakhala kumanda ndi adzukulu amakumba nawo, palibe amamuletsa. Pa ganyu yomweta udzu amamufuna, nkumulipira theka. Koma tsiku logawa munda wa malemu bambo ake, atatsegula pakamwa, wina anati, "Iwe khala chete, izi n'za anthu." Atapeza mbeta, a kuchikazi anabweza ankhoswe kuti kumtunduko kuli misala. Mlongo wake, yemwe sanadwalepo, anamva mawu omwewo. N'zoona kuti matendawa amatha kuyenda m'magazi pang'ono, monga shuga ndi kuthamanga kwa magazi, koma ana ambiri a makolo odwala sadwala, ndipo palibe amabweza ankhoswe chifukwa cha shuga. Munthu amene wamanidwa munda, banja ndi mawu pabwalo, mukuti amwere chiyani mankhwala? WHO imati anthu odwala matenda aakulu a m'mutu amamwalira zaka 10 mpaka 20 msanga kuposa anzawo. Zambiri mwa imfa zimenezi zimachokera ku matenda wamba omwe sanawonedwe, chifukwa munthuyo akati m'mimba mukupweteka palibe amene amadzuka.

Alipo odwala ndi owasamalira omwe anagwirizana nkupanga bungwe lawo m'dziko muno, la MeHUCA, kuti azidzilankhulira okha. Ndikufuna magulu otere m'chigwa muno, pa Ngabu, pa Tengani, ku Muona, ku Chapananga, okumana pansi pa mtengo tsiku la kiliniki, momwe mayi wotopa angamve kwa mayi mnzake kuti kuuma khosi kuja kuli ndi mankhwala, ndipo mnyamata wongoyamba kudwala angaone bambo wa ana atatu yemwe wakhala pa jakisoni zaka khumi akuweta ng'ombe zake.

Madzi a 2015 ataphwa, munthu wina wa zaumoyo yemwe ankayendera msasa anaona chilonda cha pa kakolo paja nkufunsa. Ndi iye anam'bwezeretsa pa mankhwala, ndipo ulendo uno wina anakhala pansi nkumvetsera za khosi ndi lilime, mlingo nkusinthidwa. Lero msuweni wanga amalima chimanga ndi mbatata kudimba madzi akaphwa, ali ndi mbuzi zinayi. Kabuku kake amakasunga m'pepala la pulasitiki la shuga, nkukapachika kudenga, pamwamba pa mzere womwe madzi anasiya pakhoma. Tinagawana miyezi, ine ndi abale ena awiri, kuti ya kabaza isamasowe. Chaka chathachi jakisoni anasowa kawiri, ndipo kawiri konseko tinachita kukagula ku Blantyre.

Nditapitako mwezi wathawu ndinaona kuti khungwa la nimu uja lili ndi chipsera mozungulira, pomwe unyolo unkakhula. Ndinafunsa azakhali kuti unyolowo unapita kuti, poganiza kuti unabwerera kungolo. Anandilowetsa kuchipinda nkundionetsa kunsi kwa bedi. Ulipo, m'thumba la feteleza, pamodzi ndi loko watsopano. Ndinati, "Azakhali, tayani ichi." Anandiyang'ana nkuti, "Ndidzataya tsiku lomwe udzanditsimikizire kuti mankhwala sadzasowanso." Tsiku lake lotsatira la jakisoni ndi Lachinayi la mlungu wa mawa, ndipo mvula yayamba kale kumapiri a Thyolo.